Thonje Timalima, Nsalu Timagula: Nkhani ya Kuwomba ku Nselema

Amene amayenda mumsewu wochokera ku Liwonde, kudzera pa Ntaja mpaka ku Nselema, sasowa choona cholukidwa ndi manja. Mphasa za bango, mikeka ya mlaza, malichero, madengu, nkhokwe za nsungwi ndi miono ya asodzi a ku nyanja ya Chiuta, zonsezi n'zotuluka m'manja mwa anthu a konkuno. Koma pa nsalu zimene anthu omwewa amavala, kufunda kapena kuberekera ana, simungapeze yowombedwa pamudzi. Chitenje n'cha ku fakitale, nthawi zambiri ya kunja. Malaya ndi a pa kaunjika. Ngakhale sanda yoikira maliro imadulidwa pa mpukutu wa m'sitolo. Chikhalirecho Balaka, amene anali mbali ya boma la Machinga mpaka 1998, ndi limodzi mwa maboma odziwika kwambiri pa ulimi wa thonje m'dziko muno.

Kumaiko a azungu nsalu yowomba pamanja yayambanso kufunidwa, makamaka ya bafuta, ndipo mtengo wake ndi woboola m'thumba. N'chifukwa chake ena amafunsa ngati amisiri athu sangalowe nawo pa malonda amenewa. Kuti tiyankhe bwino tiyenera kudziwa zinthu zitatu: bafutayo n'chiyani ndipo amafuna chiyani, makolo athu ankawomba chiyani ndipo analekeranji, komanso chimene chikusoweka lero pakati pa munda wa thonje ndi nsalu.

Bafuta weniweni

Nsalu yoyera imene timagula m'sitolo n'kumaitcha bafuta nthawi zambiri imakhala ya thonje, kapena ya thonje losakaniza ndi ulusi wa poliyesitala. Bafuta amene timamva m'Baibulo, amene Farao anaveka Yosefe ndiponso amene anakulungira mtembo wa Yesu, sachokera ku thonje. Amachokera ku chomera chotchedwa fulakesi, chija Rahabi anabisamo azondi pa denga la nyumba yake ku Yeriko. Ndi chomera chowonda, chofika m'chiuno mwa munthu wamkulu, cha maluwa abuluu. Thonje timatola pa chipatso, pamene fulakesi ulusi wake ndi luzi lobisika m'khungwa la phesi.

Anthu anayamba kalekale kugwiritsa ntchito luzi limeneli. Aigupto ankakulungira nalo mitembo ya mafumu awo, ndipo diresi lina la bafuta lofukulidwa ku Tarkhan, lomwe likusungidwa ku Petrie Museum mumzinda wa London, lakhala zaka zoposa 5,000. Masiku ano fulakesi wambiri wa ulusi wabwino amalimidwa kumpoto kwa France, makamaka ku Normandy, komanso ku Belgium ndi Netherlands. Luzi lambiri lochokera kumeneko limatumizidwa ku China ndi India kuti akalipote. Mwa ulusi wonse wopangira nsalu pa dziko lapansi, bafuta safika ngakhale gawo limodzi pa magawo 100, ndipo ichi n'chimodzi mwa zimene zimamukweza mtengo.

China chokweza mtengo ndi ntchito yake. Fulakesi amakhwima patatha masiku pafupifupi 100 chifesereni, ndipo samweta koma amazula ndi mizu yomwe kuti luzi likhale lalitali. Akazula amamuyala m'munda kwa milungu ingapo kuti mame, mvula ndi dzuwa ziwoletse zomata luzi ku phesi, kapena amamuviika m'madzi monga tiviikira chinangwa cha kondowole. Apa ndiye pagona luso: kuvuula msanga luzi limakanirira, kuchedwa limavunda. Mtsinje wa Lys pafupi ndi Kortrijk ku Belgium unatchuka chifukwa cha ntchito yoviikayi. Mapesi akauma amawaphwanya, n'kuwapuntha kuti timitengo tigwe, kenako n'kupesa luzilo pa zipeso za misomali. Luzi lalitali limapereka ulusi wosalala, lalifupi lotsalira pa chipeso limapereka ulusi wokhakhala wa matumba ndi zingwe. Popota ulusi wosalala amanyowetsa luzi kuti timaubweya tigone.

Ulusi wosamva kukoka

Kuwomba nsalu kulikonse n'kumodzi. Ulusi wina umayalidwa m'litali n'kukungidwa, wina umapingasa, kulowa pansi ndi pamwamba pa woyalawo. Chowombera ntchito yake n'kukweza theka la ulusi woyala kuti pakhale mpata, wopingasa n'kudutsa, kenako n'kumenyedwa kuti ukhale pamalo pake.

Ulusi wa ubweya wa nkhosa umatamuka ngati waukoka, ndipo wa thonje nawo umalolera pang'ono. Wa fulakesi sutamuka. Ngati poyala mmisiri wakunga ulusi wina kwambiri wina pang'ono, wokungikawo umaduka ndipo wolobodokawo umalendewera n'kukola kamtengo konyamula ulusi wopingasa. Cholakwa cha tsiku loyala chimaonekera mpaka kumapeto kwa nsalu. Mpweya ukauma ulusiwu umaphwanyika msanga, motero owomba amauwaza madzi kapena kuika beseni la madzi pansi pa chowombera, pakuti fulakesi amalimba kwambiri akanyowa. Ulusi woyala amaupaka phala lamadzimadzi la ufa kapena la njere za fulakesi zowiritsa kuti usanyotsoke pokhulana. Nsalu ikachoka pa chowombera imakhala youma gwa, ndipo imafewa ndi kuwala pokhapokha itachapidwa, kupunthidwa ndi kupsinjidwa. Ikatero imakhalitsa zaka zambiri, imamwa thukuta n'kuuma msanga, ngakhale kuti imakwinyika mosavuta.

Ndiye taganizani za mwezi wa Okutobala ku Machinga, mpweya uli wouma ndipo fumbi lili kobo. Mmisiri wophunzira kumene amene wagula ulusi wa fulakesi ndi ndalama zakunja, n'kuuyala pa chowombera chosakhazikika bwino, adzataya chuma chake asanatulutse mita imodzi yogulitsika. Kumene bafuta amawombedwa, ophunzira ambiri amayambira pa thonje kapena ubweya, fulakesi n'kubwera pambuyo.

Kodi fulakesi angalole kuno?

Kumera angamere. Vuto ndi luzi lake. Kuti phesi litalike popanda nthambi zambiri, fulakesi amafuna nyengo yozizira ndi chinyezi pa nthawi imodzi. Kwathu kuno zinthu ziwirizi sizikumana: mvula imagwa nthawi yotentha, ndipo kukamazizira mu Juni ndi Julayi mvula imakhala itatha. Akakula m'kutentha amachita maluwa msanga, amafupika n'kuchita nthambi, zimene zimakomera wofuna njere osati wofuna ulusi. Ku Ethiopia amalima fulakesi wambiri kumapiri, koma makamaka chifukwa cha njere zake zodya ndi zoyenga mafuta. Ku Egypt amatha kupeza luzi chifukwa amalima nthawi yozizira mothirira ndi madzi a Nile. Munthu atha kuyesa zomwezo m'dimba, koma dimba la ku Nselema kapena m'mbali mwa Chiuta lili kale ndi ntchito: chimanga, mpunga, tomato ndi masamba zimene zimapulumutsa banja chaka cha njala.

Mbiri nayo imachenjeza. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, mtengo wa fulakesi unakwera zedi chifukwa Russia, imene inkalima wambiri, inali pa chipwirikiti. Mu 1919 gulu la asilikali a ku Britain olumala pa nkhondo linapatsidwa malo pafupi ndi Kericho ku Kenya kuti lilime fulakesi. Pasanathe zaka zitatu mtengo unagwa, gululo linatha, ndipo malowo anadzasanduka minda ya tiyi. Kumeneko n'kumapiri ozizira, osati kuchigwa kotentha ngati Balaka.

Komabe luzi la mtundu umenewu si lachilendo kwa ife. Asodzi akale ankaluka maukonde ndi luzi la bwazi, anthu ankapota zingwe za khungwa la mlambe ndi za khonje, ndipo luzi la mombo likumangabe madenga mpaka lero. David Livingstone ali ku Tete anatenga luzi la bwazi n'kukalionetsa kwa amalonda a ku London, ndipo iwo analiyerekeza ndi fulakesi. Koma bwazi sanasanduke mbewu ya m'munda, ndipo maukonde a nayiloni atafika luso lopota luzi lakelo linazimirira.

Pamene makolo ankawomba

Nsalu imene dziko lino linkaidziwa bwino ndi ya thonje. Ku Ingombe Ilede, m'chigwa cha Zambezi ku Zambia, ndi ku Great Zimbabwe ofukula zakale anapeza timiyala ndi timapale toboola pakati, tolemeretsa njinga yopotera thonje, umboni woti anthu a chigawo chino ankapota zaka mazana ambiri azungu asanafike. Wansembe wa Chipwitikizi João dos Santos, m'buku lake la mu 1609, analemba za nsalu za thonje zotchedwa machila zowombedwa m'chigwa cha Zambezi. Machila a Amang'anja ndi anthu ena a ufumu wa Maravi ankayenda mtunda wautali. Ankakhomera msonkho m'maiko amene Apwitikizi ankalamulira m'mbali mwa Zambezi, ndipo ankasinthanitsidwa ndi golide kumapiri a dziko limene lero ndi Zimbabwe. António Gamitto, amene anadutsa dziko la Amaravi ndi Achewa mu 1831 pa ulendo wopita kwa Kazembe, anaonanso anthu akuwomba.

Mboni yodziwika kwambiri ndi Livingstone, ndipo pa nkhani ya ulusi sanali mlendo: anayamba kugwira ntchito mu fakitale yopota thonje ku Blantyre wa ku Scotland ali ndi zaka 10. Atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 anapeza kuti pafupifupi m'mudzi uliwonse wa Amang'anja munali anthu okonza thonje, opota ndi owomba. Anaona thonje losiyanasiyana, lina la eni dziko la ubweya waufupi wolimba, lina lobwera la ubweya wautali. Ntchito yopota ndi kuwomba inali ya amuna.

Zipangizo zake zinali zochepa. Njere ankachotsa ndi zala kapena pokunkhuniza kachitsulo pa thabwa. Akatero ankapota pa njinga. Chowombera chinali cha pansi: zikhomo zinayi zokhomedwa m'dothi, mitengo iwiri yopingasa yokungira ulusi, ndodo yomangidwa timalupu tokwezera theka la ulusi, ndi thabwa losalala lomenyera. Mmisiri ankakhala chonjuta, n'kumasendera kutsogolo pamene nsalu ikukula. Inali ntchito yodya nthawi, koma nsalu yake inali yochindikala ndi yosatha msanga.

Si onse ankavala machila. Kumapiri ndi kum'mawa kwa Shire, kuphatikizapo dera lino la Machinga, chovala cha anthu wamba chinali chiwondo, khungwa la mombo kapena mtengo wina wonga umenewo, lonyowetsedwa n'kusulidwa ndi kachibonga mpaka kufewa, komanso zikopa. Nsalu yowomba inali chuma, yosinthanitsa ndi mchere, makasu ndi nsomba.

Chinapha luso n'chiyani?

Choyamba chinali nsalu yobwera. Kuyambira m'zaka za m'ma 1830 zombo za ku Salem ku America zinkatsitsa ku Zanzibar nsalu yoyera ya m'mafakitale imene inadziwika kuti merikani, ndipo ku India kunkachokera kaniki wakuda. Amene ankabweretsa nsaluzi kumtunda kuno anali makamaka amalonda a Chiyao, oyenda maulendo a ku Kilwa, Quelimane ndi chilumba cha Mozambique. Mafumu monga Kawinga wa ku Chikala, Liwonde, Mponda, Jalasi ndi Makanjira mphamvu zawo zinkachokera pa malonda a minyanga ndi akapolo posinthana ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Choncho dera la Nselema linali njira yolowera nsalu yakunja atsamunda asanabwere n'komwe.

Chachiwiri chinali chipwirikiti. Nkhondo zogwira akapolo pamodzi ndi chilala ndi njala ya mu 1862 ndi 1863 zinapululutsa midzi ya m'chigwa cha Shire. Kuwomba kumafuna mtendere, munda wa thonje wosamalika ndi munthu wokhuta woti akhale pansi masiku ambiri. Luso losungidwa m'manja, osati m'mabuku, limapita ndi eni ake.

Chachitatu chinali ulamuliro wa atsamunda. Kampani ya African Lakes, ija tinkaitcha Mandala, inayamba malonda mu 1878, ndipo dziko litakhala pansi pa Britain mu 1891 antchito ambiri a m'minda ya azungu ndi amtengatenga ankalipidwa nsalu. Munthu wogwira ntchito mwezi umodzi ankalandira nsalu yoposa imene akanaipota ndi kuiwomba yekha pa nthawi yomweyo. Msonkho wa nyumba unkafuna ndalama kapena thangata, osati machila. Mu 1902 eni mafakitale a ku Lancashire anakhazikitsa bungwe la British Cotton Growing Association kuti maiko olamulidwa ndi Britain azilima thonje lodyetsa makina awo. Thonje linabwereranso m'minda ya m'chigwa cha Shire ndi ku Balaka, koma tsopano lolima kuti lichoke. Njanji imene inadutsa pa Balaka kupita ku Salima mu 1935 inafewetsa ulendo wake. Pofika nthawi imeneyo chowombera cha pansi chinali chitatsala pang'ono kuiwalika.

Luso la nsalu silinathere pomwepo, linangosintha malo. Amuna a Chiyao anatchuka ndi utelala pa makhonde a masitolo a amwenye, ndipo mpaka lero m'misika ya Machinga ndi Mangochi matelala osoka mikanjo ndi opeta mizuli ndi ambiri. Chimene chinatayika ndi gawo lapakati, losandutsa thonje kukhala ulusi ndi ulusi kukhala nsalu.

Kuchoka pa Whitehead kufika pa kaunjika

Dziko litalandira ufulu linayesa kubwezeretsa gawo limeneli kudzera mu fakitale. David Whitehead and Sons inayamba ntchito ku Blantyre mu 1967, ndipo inkapota, kuwomba, kunyika ndi kusindikiza nsalu pogwiritsa ntchito thonje la alimi a konkuno logulidwa kudzera ku bungwe la boma logula mbewu, lomwe kuyambira 1971 linkatchedwa ADMARC. Zitenje za mbumba, mayunifolomu a sukulu ndi nsalu za m'zipatala zinkachokera kumeneko, ndipo anthu zikwi zingapo ankadya za pa fakitaleyo. Inkatetezedwa ndi misonkho yoletsa nsalu zakunja kulowa mwachisawawa.

Malonda atamasulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi m'ma 1990, nsalu zotchipa za ku Asia ndi mabelo a kaunjika zinadzaza misika. Fakitale ija inalephera kupikisana nazo ndipo mu 2003 inagulitsidwa kwa a Mapeto. Sitinganamizire: kaunjika anaveka anthu amene kale ankayenda ndi zigamba, ndipo amadyetsa mabanja ambiri ogulitsa. Koma anatsitsa mtengo wa chovala mpaka pamene fakitale ya konkuno, osanena za mmisiri wa pamanja, singafikepo.

Thonje nalo lakhala likukwera ndi kutsika. M'chaka cha ulimi cha 2011/12 boma linaika K1.6 biliyoni pothandiza alimi ndi mbewu ndi mankhwala, ndipo zokolola zinafika pafupifupi matani 100,000. Zaka zotsatira zinagwa mpaka zina osafika matani 20,000, chifukwa cha mitengo yotsika, mbozi, mbewu zosadalirika ndi ngongole za zipangizo zosabwezedwa. Lamulo la thonje la 2013 linakhazikitsa Cotton Council of Malawi, ndipo kuyambira 2019 alimi analoledwa kudzala thonje la Bt losagwidwa kwambiri ndi mbozi, ngakhale mbewu yake ndi yodula kuposa ija yochokera ku malo ofufuzira za ulimi a Makoka. Ku Balaka kuli makina ochotsa njere, a ADMARC ndi a makampani ena. Pa makilogalamu 100 a thonje la mlimi pamatuluka ubweya wapakati pa makilogalamu 35 ndi 40, chotsalacho ndi njere zoyenga mafuta ndi kudyetsa ziweto. Ubweyawo umamangidwa mabelo, ndipo gawo lalikulu kwambiri limatuluka m'dziko lisanapotedwe.

Pamene padaduka chingwe

Anthu akamakamba zotsitsimutsa kuwomba amathamangira pa chowombera ndi maphunziro. Koma chowombera chamatabwa, chokhala ndi zopondera ndi kamtengo koponya ulusi konga kamene John Kay anapanga ku England mu 1733, kalipentala wa pa Ntaja kapena Liwonde atha kuchikhoma ataona chitsanzo. Wodziwa kuluka mkeka sangavutike kumvetsa za ulusi woyala ndi wopingasa. Chovuta ndi ulusi. Kulikonse kumene anthu ankapota pamanja, mmisiri mmodzi wowomba ankadya ulusi wa opota angapo. Ichi n'chimene chinachititsa kuti makina oyamba kusintha dziko ku England, monga a Richard Arkwright a mu 1769, akhale opota osati owomba. Munthu wofuna kupota yekha pa njinga kenako n'kuwomba chitenje adzatha masabata, n'kupeza ndalama yosafika pa ganyu wa m'munda.

Maiko amene kuwomba pamanja kudakali ndi moyo anathana ndi vutoli poyamba. Ku Burkina Faso, Thomas Sankara pamene ankalamulira pakati pa 1983 ndi 1987 analimbikitsa antchito a boma kuvala nsalu yowomba pamanja yotchedwa Faso Dan Fani, ndipo lero amayi ambiri a ku Ouagadougou ndi Koudougou amadya za pa chowombera. Koma ambiri a iwo sapota okha: amagula ulusi wa thonje la m'dziko lawo lomwe wopotedwa ku fakitale ya FILSAH ku Bobo-Dioulasso, n'kuunyika mitundu. Ku India, kumene Mahatma Gandhi anasandutsa kupota chizindikiro cha ufulu, boma limakakamiza mafakitale kupatula gawo la ulusi wawo kuti ligulitsidwe kwa owomba pamanja, ndipo lamulo la 1985 linasungira amisiriwo mitundu ina ya nsalu kuti makina asaikhudze. Ngakhale zili choncho owomba ambiri a kumeneko ndi osauka. Ku Ethiopia amisiri a mtundu wa Dorze ali ndi msika chifukwa anthu ambiri pa tchalitchi, pa ukwati ndi pa maliro amavala nsalu yoyera yowomba pamanja. Pa zitsanzo zonsezi pali zinthu ziwiri: ulusi wopezeka pafupi ndi wogula wodziwikiratu.

Kwathu kuno chitsanzo chilipo. Fakitale ya ku Bangwe mumzinda wa Blantyre, ya bungwe loona za anthu olumala limene linkadziwika kuti MACOHA, yakhala ikuwomba pamanja kwa zaka zambiri makapeti, nsalu za pathebulo, zikwama ndi zokongoletsera m'nyumba. Zimene amawomba zikutiphunzitsa kanthu: sapikisana ndi chitenje kapena malaya. Amapanga zinthu zochindikala, zosafuna ulusi wosalala kwambiri, zimene wogula amalipira chifukwa choti n'za manja.

Chimene chingatheke ku Nselema

Tikaika zonsezi pamodzi, bafuta si poyambira. Mbewu yake sigwirizana ndi nyengo yathu, ulusi wake ndi wogula kunja pa nthawi imene ndalama zakunja zikusowa ngakhale zogulira mafuta ndi feteleza, kuwomba kwake n'kwa mmisiri wokhwima, ndipo ogula ake ali kutali. Akuluakulu amati fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Thonje ndi limene lili pamphuno pathu.

Ngakhale pa thonjepo tisadzinamize kuti kuwomba pamanja kudzaveka boma lonse la Machinga. Sanda, yunifolomu ndi chitenje cha tsiku ndi tsiku zidzakhalabe za makina, chifukwa wogula amayang'ana mtengo. Mpata uli pa zinthu zina: miswala yopempherera, mipango ya amayi, zikwama, matawulo, zoyala pabedi ndi pathebulo, ndi makapeti. Zambiri mwa izi zimangofuna ulusi woyala wolimba wa ku fakitale, pamene wopingasa atha kukhala thonje lopota pamanja, zidutswa zotsala kwa matelala zong'ambidwa m'litali, mlaza kapena luzi la nthochi. Pamenepa kukhakhala kwa ulusi wa pamanja kumasanduka kukongola kumene wogula akufuna. Ogula ake aliponso pafupi: malo ogona alendo a ku Liwonde National Park ndi m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, mizikiti ndi mipingo, ndi abale okhala ku Joni amene amafuna kanthu ka kumudzi. Ndondomeko ya Buy Malawi imene boma linakhazikitsa mu 2016 inalimbikitsa antchito a boma kuvala zakwathu Lachisanu, koma nthawi zambiri chakwathu pa chovalacho ndi telala yekha, nsalu ili ya kunja.

Amene angapindule kwambiri ndi amayi ndi achikulire otsala pamudzi anyamata akapita ku Joni, chifukwa ntchitoyi imagwirika pakhomo m'miyezi ya chilimwe pamene kumunda kulibe zambiri. Maphunziro ake atha kudzera ku TEVETA ndi m'sukulu za ntchito zamanja za m'madera, ndipo aphunzitsi ake alipo kale ku Bangwe. Koma kuphunzitsa anthu kuwomba popanda kuwapezera ulusi n'kuwapatsa setifiketi yokapachika pakhoma. Ambiri aonapo magulu a amayi amene analandira makina osokera kuchokera ku mabungwe, makinawo n'kuchita dzimbiri ntchito ya bungwelo itatha, chifukwa panalibe woganizira za kogula nsalu ndi kogulitsa zosokedwa.

Choncho funso loyenera kupita kwa aphungu, makhonsolo a Machinga ndi Balaka, a Cotton Council ndi eni makina ochotsa njere si loti tigule zowombera zingati. Ndi loti mwa mabelo amene amamangidwa ku Balaka, ndi angati angatsale kuti apotedwe konkuno n'kugulitsidwa pa kilogalamu kwa mmisiri wamng'ono. Sipafunika fakitale yaikulu ngati ya Whitehead. Ku India kuli timakina topota ulusi wambiri nthawi imodzi, toyendetsa ndi dzanja kapena ndi magetsi a dzuwa, toti gulu la alimi lingakwanitse. Njira ina n'kugwirizana ndi fakitale yopota kuti izipatula ulusi wochepa wogulitsa kwa amisiri, monga achitira ku Burkina Faso. Zonse ziwiri zimafuna ndalama ndi munthu woziyang'anira moona mtima, ndipo zitha kulephera. Koma popanda imodzi mwa izo, wofuna kuwomba ku Nselema adzayenera kuitanitsa ulusi kunja, kaya ndi wa fulakesi kaya wa thonje, ndipo phindu lalikulu la nsalu yake lidzatsala kwa amene anaupota.